Chiwindi cha Liwu Lalitali

M'dziko lina lomwe mapu ake anadyedwa ndi chiswe, m'boma lina losafuna kutchulidwa, munali mudzi umene unali ndi zonse zofunika pa chitukuko, kupatula chitukukocho. Unali ndi komiti ya chitukuko, komiti yoyang'anira komiti ya chitukuko, chidindo, buku la alendo lachikuto cholimba, ndiponso belu. Chimene unalibe ndi mlatho.

Mtsinje wa m'mudzimo sunali waukulu woti n'kulowa m'buku la sukulu. M'chilimwe nkhuku inkaudumpha osanyowa. Koma mvula ikangogwa kumapiri unkasanduka chilombo, pamene chigayo, chipatala, msika ndi msewu, zonse zinali kutsidya. Chaka chilichonse anthu ankayalapo mitengo iwiri ya bulugamu, ndipo chaka chilichonse mtsinje unkalandira mitengoyo ndi manja awiri n'kupita nayo.

Amene ankaudziwa mtsinjewo kuposa onse anali a Gelevazio Kamtedza, wopha mbuzi wa m'mudzimo. Sukulu analekezera Sitandade 5, chaka chimene bambo awo anaona kuti mpeni ukuwamvera kuposa pensulo. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankagula mbuzi kutsidya n'kuoloka nayo pamapewa, miyendo iwiri dzanja ili, iwiri dzanja linali, madzi ali m'chiuno. Mbuzi zitatu mtsinje unawalanda kale. Tsiku lina unatsala pang'ono kuwalanda akazi awo, Nankhoma, akuchokera kuchigayo ufa uli pamutu. Ndiye kwa iwo nkhani ya mlatho sinali ya pamsonkhano ayi, inali ya m'mafupa.

A Gelevazio analinso wogawa nyama wa mudzi wonse. Kumeneko mbuzi ya paukwati kapena ya mlendo wamkulu sinkadulidwa chisawawa. Chiwindi chinkapita kwa wamkulu woposa onse pamalopo, mwendo wakumbuyo kwa womutsatira, wakutsogolo kwa wachitatu, nthiti kwa akuluakulu a mpingo, matumbo kwa ophika. Wogawa ankatsala ndi mang'ina komanso fungo m'manja. Zaka makumi awiri ndi zitatu akugawa, chiwindi ankangochidziwa ndi zala.

Tsiku lina kunabwera kalata. Bungwe lina la mumzinda linali ndi mlatho umodzi woti limange, koma midzi yoyenera inali iwiri: mudzi umenewu ndi wina wakumunsi kwa mtsinje womwewo. Mkulu wa bungwelo adzabwera pakatha milungu itatu kudzaona ndi kumva yekha. Kalata yonse inali m'Chichewa chomveka bwino, kupatula liwu limodzi pamzere womaliza, lomwe linagona pamenepo ngati nsato yomeza gwape. Mudzi uonetse *sustainability*.

Belu linalira, anthu anasonkhana pabwalo la sukulu. Wapampando wa komiti, a Bisalomu Makwinja, anagwirapo umesenjala paboma miyezi isanu ndi itatu, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya. Anaimirira kuti awerenge. Anawerenga bwinobwino mpaka anafika pa nsato paja.

"Mudzi uonetse sasi... sasite... sasitena..."

Anabwerera m'mbuyo ngati munthu wofuna kudumpha ngalande, anathamangira, n'kugwera pakati pomwepo.

"Magalasi awa ndi akale," anatero, ngakhale sanavale magalasi.

Ndi pamene anadzuka a Malikebu, mphunzitsi wopuma, amene anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akudikira tsiku loti mudzi uwafune. Choko anali nacho kale m'thumba. Anthu oterewa ngakhale kumaliro amapita ndi choko.

"Abale anga," anayamba, "liwu la Chingerezi likatalika sitilimeza lathunthu. Timaliduladula m'maphatikizo. Ikani dzanja pansi pa chibwano. Chibwano chikatsika kamodzi, chidutswa chimodzi chimenecho."

Mudzi wonse unagwira zibwano ngati wafedwa.

"Tsono tanthauzo lake ndi lakuti..."

"Tanthauzo tidzaliona pa zina ndi zina," anawadula a Makwinja, maso atawala. "Aphunzitsi, mwati limadulidwa? Ndiye ngati limadulidwa, limagawidwa. M'mudzi muno chinthu chodulidwa sachidya munthu mmodzi. Wogawa ali kuti?"

Pomwepo panabadwa Komiti Yaikulu Yoona za Mawu Aatali, Zidutswa Zake ndi Nkhani Zina Zogwirizana Nazo. A Makwinja anavomera monyinyirika kukhala Wolemekezeka Wapampando Wamkulu wake, atadzisankha okha ndi kudzivomereza okha.

A Gelevazio anabwera kutsogolo akupukuta manja ku thalauza. A Malikebu analemba liwulo pachitseko chakale chomwe chinkagwira ntchito ya bolodi, n'kulitchula pang'onopang'ono. Wopha mbuzi anagwira chibwano chake ngati akuyesa mafuta a tonde.

"Sa-si-te-na-bi-li-te. Zidutswa zisanu ndi ziwiri."

"Zisanu ndi chimodzi," anatero a Malikebu. "Inu mukuthira mafuta pamene palibe. Chichewa chathu phatikizo lililonse limathera kukamwa kuli kotsegula. Mzungu amatseka pakamwa ali pakati panjira. Tamverani: *sus, tain, a, bil, i, ty*."

"Ndiye mbuzi ya mzungu ili ndi mafupa omatana," anatero a Gelevazio. "Chabwino, mpeni umadutsa polumikizana mafupa, sulimbana ndi fupa. Koma tandiuzani aphunzitsi, chiwindi chili pati? Ine sindigawa nyama ndisanaone chiwindi."

A Malikebu anatsala pang'ono kulira. Limeneli linali funso loyamba lanzeru kufunsidwa m'mudzimo chipumire iwo pantchito.

"Chilipo! Liwu lalitali la Chingerezi lili ndi malo amodzi olemera koposa, pamene mawu amakwera, amalimba, n'kukhalitsapo pang'ono. Timati potsindika. Tiyambe ndi thunthu, chifukwa liwu ili n'chimodzimodzi nyama, lili ndi thunthu, kenako analumikizako michira. Thunthu lake ndi *sustain*. Tamvani: *sus-TAIN*. Kulemera kuli pa *tain*. Tsopano tikalumikiza mchira..."

"Basi, tamva," anatero a Makwinja. "*Tain* ndi wa mpando. Alembi, lembani. Wina atitsekere ndi pemphero."

Kugawa kunayenda monga mwa mwambo. Mayi Esinati Dzonzi, mlembi, anatenga *sus* chifukwa ndi amene amatsegula buku. Wachiwiri kwa wapampando anatenga *ty*, ati mlendo amapita kwawo ndi chimene wamva pomaliza. Mkulu wa mpingo anatenga *a* chifukwa cha chifuwa chawo cha mphumu. Msungichuma, amene chiyambire sanasungepo kanthu, anatenga *i*, kachidutswa kolingana ndi ntchito yake. Kunatsala *bil*, wobisika chakumbuyo, cha kumatumbo uko, ndipo palibe amene anamufuna. Anamuponyera wogawa, monga amachitira ndi mang'ina.

Mawa lake a Malikebu anapita kuboma kukatsatira za penshoni, ulendo womwe umadziwika tsiku lopita lokha. Otsala anayamba kuyeserera. Madzulo aliwonse belu linkalira, anthu asanu ndi mmodzi n'kundanda pabwalo, aliyense n'kutaya chidutswa chake nthawi yake ikakwana. A Makwinja akafika pa *TAIN* ankaimirira ndi zala za kumapazi, mitsempha ya m'khosi ili tototo. Kumtsinje kunalibe amene anapitako, ngakhale kukangoyeza kukula kwake ndi chingwe.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi a Gelevazio anakweza dzanja.

"Pepani a Wapampando, ine kusukulu sindinapite patali. Koma bwanji mlendoyo tingomutengera kumtsinje akaone yekha?"

"A Kamtedza," anayankha a Makwinja mwachifundo, ngati akulankhula ndi wodwala, "mtsinje umenewo unalemba mayeso ati? Anthu a mumzinda samva madzi. Amamva mawu."

Anthu anaomba m'manja. Amaomba nthawi zonse munthu wa zolembera zitatu akanyoza munthu wa mpeni umodzi.

Tsiku lakhumi a Malikebu anabwerako, opanda penshoni koma makutu ali bwinobwino. Anamva kuyesererako ali patali, n'kubwera akuthamanga manja ali kumutu.

"Mwalipha liwu! Mwalipha!"

"Talipha bwanji, aphunzitsi?" anafunsa Mayi Dzonzi.

"Simunandilole kumaliza tsiku lija! Inde, *sus-TAIN*. Mukalumikiza mchira woyamba, *sus-TAIN-able*, kulemera kukadali pomwepo. Koma mchira wachiwiriwu, *ity*, ndi wankhanza. Ukangolumikizidwa umakoka kulemera konse n'kukuika pachidutswa chimene wagundana nacho. *Sus-tain-a-BIL-i-ty!* Mchira ukawonjezeka, polemera pamasuntha. N'chimodzimodzi *re-SPON-si-ble*, amene amasanduka *re-spon-si-BIL-i-ty*, kutanthauza udindo..."

"Limenelo m'kalata mulibe, lisiyeni," anatero a Makwinja. "Mukutanthauza kuti chiwindi chili ndi ndani?"

Makosi onse anatembenukira kwa wopha mbuzi.

"Tayesani, a Kamtedza," anatero a Malikebu.

Mayi Dzonzi anayamba, a Makwinja anadutsa mwakachetechete ngati munthu wochedwa kutchalitchi, mkulu wa mpingo anapumira *a* wake, ndipo a Gelevazio anatulutsa mawu omwe amaitanira nawo mwini mbuzi ali kutsidya kwa mtsinje wodzaza.

"*BIL!*"

Mbalame zinathawa mumtengo. Amayi anaimba nthungululu. A Malikebu anati ngakhale kwawo kwa liwulo salitchula bwino chotere.

Apa chilungamo chinenedwe: zinawakwera kumutu. Masiku anayi athunthu a Gelevazio anali munthu wina. Anabwereka jekete kwa msuwani wawo. Ankayenda dzanja lili pansi pa chibwano. Anthu omwe kale ankangowafunsa ngati matumbo atsala anayamba kuwapatsa moni ndi manja awiri, ena n'kumawatchula a Bili. Za mtsinje anaiwala ngati sananyowepo.

"Abambo," anatero Nankhoma tsiku lachitatu, akupeta pakhonde, "ndiye biliyu timuphika ndi chiyani? Amafuna tomato?"

"Nankhoma, inu simudziwa. Kulemera konse kwa mudzi uno kuli pa ine."

"Kulemera kumene ndikukudziwa ine ndi kwa thumba la chimanga lili pakhomopo. Mawa mukaliolotse kupita kuchigayo. Mukalitsindike bwinobwino."

Koma a Makwinja chakudya sichinkatsika. Anaitanitsa Msonkhano Wadzidzidzi Wapadera Woona za Kusuntha kwa Polemera. Maganizo oyamba anali akuti mchira wankhanzawo udulidwe, liwu lithere pa *able*. Msungichuma ndi wachiwiri kwa wapampando anaimirira limodzi n'kunena kuti amene akhudze mchira wawo adzaona zakuda. Maganizo achiwiri anali ovota. Anthu makumi anayi ndi mmodzi anavota kuti kulemera kubwerere pa *tain*, awiri anakana.

"Chingerezi sichimva mavoti," anadandaula a Malikebu.

Mayi Dzonzi analemba kuti Chingerezi chadziwitsidwa za chigamulocho ndipo komiti ikudikira yankho. Koma mantha analipobe oti mlendo angamve kuti liwu likutsimphina. Mwamwayi, Mayi Dzonzi omwewo anapeza ndime ina m'malamulo a komiti, malamulo akalekale omwe inki yake inali isanaume. Ndimeyo inkati polemera pa liwu lililonse pazinyamulidwa ndi munthu wokhala ndi pepala lachidindo. A Makwinja anali ndi kalata yotsimikiza kuti pa umesenjala wawo sanatayepo envulopu. Anatenga *bil*, ndipo *tain* anapatsa mlamu wawo.

Panabadwanso lamulo lina: munthu wopanda chidutswa asalankhule ndi mlendo, angachititse mudzi manyazi. Wophwanya lamuloli dzina lake lifufutidwa pamindandanda yonse ya m'mudzi, ndipo kumeneko munthu wopanda dzina pamndandanda sasiyana ndi womwalira. A Gelevazio anapatsidwa ntchito ziwiri zolingana ndi maphunziro awo: kupha mbuzi ya mlendo, ndi kunyamula mlendoyo poolotsa.

Anabweza jekete kwa mwini wake. Nankhoma anaseka, koma pang'ono chabe.

"Mwabwerera kukhala munthu, tathokoza. Koma za mlatho akanene ndani?"

"Chidutswa chimenecho sanapatse munthu," anayankha a Gelevazio, akunola mpeni.

Tsiku la mlendo kunacha bwino, koma kumapiri kunali kutada. Galimoto yoyera inaima kutsidya, n'kutulukamo a Likongwe, mkulu wa bungwe lija, munthu wodya bwino, wa suti yotuwa ndi nsapato zoti n'kumeteramo ndevu. Madzi anali m'chiuno. A Gelevazio anawerama, n'kuwakweza pamapewa monga amachitira Lachiwiri ndi Lachisanu, mwendo uwu dzanja ili, mwendo uwo dzanja linali. Ulendo wonse a Likongwe anali pafoni, akudandaula kuti kuderali netiweki ndi yovuta ndipo penapake pakufunika kuchitapo kanthu. Madziwo sanawayang'ane n'komwe. Anatsika ngati atsika basi.

Pabwalo panali patakonzedwa. Atatha mapemphero awiri, malonje atatu ndi kutchula maudindo onse a a Makwinja, komwe kunatenga nthawi yokwanira kusenda mbuzi, belu linalira. Asanu ndi mmodzi aja anandanda. Ndipo zinayenda, abale. Palibe amene analowa m'chidutswa cha mnzake. A Makwinja atafika pa *BIL* cholembera chimodzi chinadumpha m'thumba n'kugwera pamapazi a mlendo. Liwu linatuluka lathunthu, lonenepa, lotsindikidwa pamalo pake.

A Likongwe anaimirira n'kuomba m'manja nthawi yaitali.

"Zodabwitsa! Tsopano tandiuzani, m'mudzi muno muli vuto lanji?"

Komiti inayang'anana. Funso limeneli silinagawidwe. Palibe amene anali ndi chidutswa chake, ndipo anthu mazana awiri odziwa yankho anali atamangidwa pakamwa ndi lamulo. Mayi Dzonzi anatsegula pakamwa n'kutulutsa chokhacho chimene chinalimo.

"*Sus*."

Enawo anatsatira okha ngati ng'ombe zozolowera khola. Liwu linatulukanso lonse. A Likongwe anafunsanso, ndipo linatulukanso kachitatu.

"Ndamva," anatero mlendoyo, atakhudzidwa mtima. "Abale, ndayenda midzi yambiri. Dzulo ndinali kumunsi kuja. Anthu ake, pepani, anangonditengera kumtsinje n'kumandilozera madzi. Liwu lachitukuko ngakhale limodzi analibe. Anthu otsalira chonchija ndi amene akufunika thandizo, ndiye mlatho upita kumeneko. Koma inu ndinu mudzi wozindikira. Inu simufunika kupatsidwa zinthu. Ndikulengeza kuti kuyambira lero ndinu Mudzi Wachitsanzo, ndipo tikutumizirani maphunziro a masiku atatu, aliyense adzalandira satifiketi."

Nthungululu inamveka mpaka kumapiri. A Makwinja anapukuta misozi. Chiwindi anagawana awiri, iwo ndi mlendo. Kuseri kwa ophika, Nankhoma anayang'ana amuna awo, n'kuyang'ananso njira ya kumtsinje.

Dzuwa litapendeka, mudzi wonse unaperekeza mlendo. Mvula ya kumapiri ija inali itafika. Madzi anali ofiira, akulira, atanyamula zitsotso ndi nthambi. A Likongwe anaika foni m'thumba.

"Kodi njira ina palibe?"

Funso limenelinso silinagawidwe.

A Gelevazio anavula malaya, anawerama, mlendo anakwera. Analowa m'madzi akuponda miyala yomwe ankaidziwa ngati mano a m'kamwa mwawo, ndipo pamwala uliwonse waukulu ankatchula chidutswa, mokweza ndithu.

"*Sus*." Madzi m'mawondo.

"*Tain*." Madzi m'chiuno.

"*A*." Madzi pamchombo, nsapato zonyezimira zija zalawa kale.

"*Bil*." Madzi m'chifuwa, pakati penipeni pa mtsinje. Anaima njii.

A Likongwe anadikira *i*. Sanabwere. Chitsa china chinadutsa pafupi chikuzungulira.

"Akulu, bwanji mwaima?"

A Gelevazio anayang'ana madzi.

"Iwe mtsinje," anatero, "uwauze abwanawa kuti ine lamulo silindilola kulankhula nawo, ndilibe chidutswa. Ndikulankhula ndi iwe. Uwauze kuti aphunzitsi anati polemera sitidutsapo mothamanga. Timakwera, timalimba, n'kukhalitsapo pang'ono."

"Pang'ono pakwana! Tiyeni!"

"Uwauzenso kuti pano ndi pamene unandilanda mbuzi zitatu. Zinali zopepuka kuposa iwowa, komanso sizinkagwedezeka chonchi."

A Likongwe anasiya kugwedezeka. Anakumbatira mutu wa wopha mbuzi ndi manja onse, tayi ili m'madzi. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anayang'ana pansi.

"Kodi anthu onse amaolokera pano?"

"Uwauze kuti onse. Amayi apakati opita kusikelo, odwala ali pamachira, akazi anga ufa uli pamutu. Satifiketi ikabwera tizidzakwera imeneyo."

"Bambo wanga, mukufuna chiyani? Nenani, ndikumva!"

"Uwauze kuti ine ndinalekezera Sitandade 5, ndingachititse mudzi manyazi. Anene okha, ndi ophunzira. Liwu lake ndi lalifupi, silifuna komiti. Agwire chibwano ngati akuvutika."

Chibwano sakanachigwira, manja onse anali pantchito. Madzi anakwera chala chimodzi.

"Mlatho," anatero a Likongwe.

"Uwauze kuti anthu ali kumtundawo sanamve. Atsindike."

"MLATHO! Pano pakufunika MLATHO! Ndalonjeza pamaso pa anthu onsewa! MLATHO!"

Mawuwo anamveka tsidya lino ndi tsidya lina. Dalaivala wa galimoto yoyera anamva. Nankhoma anamva, n'kumangitsa chitenje. A Malikebu, ali pagombe, anagwedeza mutu n'kunena kuti katsindikidwe kake kalibe chilema. A Makwinja anatembenukira kwa mlembi.

"Lembani, alembi. Liwu lathu layamba kugwira ntchito."

"*I*," anatero a Gelevazio, n'kuponda mwala wotsatira. "*Ty*." Anatula katundu wawo paudzu, n'kumuwongolera tayi.

Kumzinda kuja, mafayilo atafufuzidwa bwino, zinapezeka kuti milatho inalipo iwiri kuyambira kale. Wachiwiriwo unkangodikira kuti munthu wa suti anyowe. Akumunsi analandira wawo, ndipo mvula ya chaka chotsatira isanagwe, pamalo pamene wopha mbuzi anaima paja panali pataima mzati wa simenti.

Kumapeto kwa mlathowo anaikako chikwangwani chachitsulo. Chinali ndi mayina asanu ndi limodzi, lililonse ndi chidutswa chake pambali, ndipo dzina la a Makwinja linali m'zilembo zazikulu. Dzina la mlamu wawo linalipo. La a Gelevazio panalibe. Komiti inakambirana ngati kulankhula ndi mtsinje kuli kuphwanya lamulo, ndipo inagamula kuti nkhaniyo idzaonedwa pa zina ndi zina, limodzi ndi tanthauzo la liwu lija.

Tsiku lotsegulira mlatho a Likongwe anabweranso, ulendo uno ndi alendo ena anayi aakulu kuposa iwo, aliyense ndi udindo wautali kuposa wa mnzake. Anaoloka ndi galimoto, nsapato zili gwa. Ataona a Gelevazio chapatali anawakwezera dzanja mwaulemu, koma sanayandikire.

A Gelevazio anapha mbuzi ziwiri n'kugawa monga mwa mwambo. Miyendo inapita kumene imapita, nthiti kumene zimapita, matumbo kwa ophika. Mbale zitafika patebulo lalikulu, a Makwinja anavundukula yawo. Anaivundikira, n'kuvundukula ya mlendo wamkulu. Anayang'ana pansi pa tebulo. Kenako anadzuka n'kupita kuseri kwa ophika.

Anawapeza a Gelevazio atakhala pamthunzi, miyendo ili tambalale, mbale ili pakati pa iwo ndi Nankhoma, milomo ya onse awiri ikunyezimira. Pambali panali a Malikebu, akunyambita zala zoyera ndi choko.

"A Kamtedza! Chiwindi chili kuti? Ziwindi ziwiri zathunthu!"

A Gelevazio anatafuna bwinobwino, osafulumira, popeza zaka makumi awiri ndi zinayi si masewera. Anameza.

"Ine ndine wosaphunzira, a Wapampando. Ndinaona mndandanda wa alendo watalika, michira yawonjezeka kumbuyo, ndiye ndinafunsa aphunzitsi kuti zikatero zimakhala bwanji."

A Makwinja anatembenukira kwa a Malikebu. Mphunzitsi wopuma anapukuta pakamwa.

"Ndinakuuzani kale pamsonkhano, ndipo alembi analemba," anatero. "Polemera pamasuntha."